A Mulelemba, Telala wa Mawotchi

A Dave Mulelemba anayamba kusoka pakhonde la golosale ina pa Migowi kale kwambiri, msika usanadzaze mavenda a nandolo ngati lero. Ndi bambo wamfupi, wadazi lonyezimira, ndipo amayenda mopendekera kumanja chifukwa mwendo umenewo ndi umene wapalasa makina zaka zonsezi. Kusoka amatha, pamenepo palibe angatsutse. Akakusokerani suti, ngakhale mimba yanu ikhale ngati mtsuko, pamaliro amakulozerani mpando wakutsogolo. Chilema chawo chinali cha matelala onse, koma iwo anachikulitsa: chovala cholonjezedwa Lachiwiri chinkatuluka mwezi utakhala kawiri. Mayi wina anawasiyira nsalu yoti amusokere diresi lovala ali ndi pakati, diresilo analilandira mwana akukwawa.

Chimene chinkapweteka makasitomala n'chakuti telala wosasunga nthawiyu ndi yemwenso anali ndi mawotchi ambiri kuposa munthu wina aliyense kuchokera pa Migowi mpaka ku Jenala.

Zinayamba ndi jekete. Mayi wina wogulitsa kaunjika anabwera nayo kuti aichepetse, poti inali ya munthu wamkulu ngati chitseko ndipo palibe ankaifuna. A Mulelemba akumasula msoko wa m'kati, anamva kanthu kolimba katagwera kuseri kwa thumba long'ambika. Anapisa dzanja n'kutulutsa wotchi yakuda, yonenepa, ya lamba wa labala ndi mabatani m'mbali zonse. Pamwamba inali ndi mivi ngati wotchi ina iliyonse, koma m'munsi mwa miviyo munali kawindo kotuwa momwe manambala ankaphethira. Inali ikuyendabe. Anayang'ana uku ndi uku. Anaganiza kuti mayiyo anagula jekete, sanagule wotchi, ndipo mwini wotchi ali kutsidya kwa nyanja, mwinanso anatsogola kale. Mlandu unathera pomwepo, wotchi inalowa m'thumba la thalauza.

Kunyumba, mwana wawo Violet, amene nthawiyo anali ku sekondale, anawerenga timalemba ta kumbuyo kwake. Anawauza kuti ndi wotchi ya anthu amasewera, yakale ndithu, yoyezera liwiro la othamanga, ndipo munthu atha kumira nayo pansi pa nyanja mamita mazana awiri madzi osalowamo. A Mulelemba anali asanalowepo m'madzi opitirira m'mawondo, kuthamanga anasiya ali mnyamata, koma mawuwo anawalowa mpaka m'mafupa.

"Mwamva, mayi a Violet?" anatero kwa akazi awo, a Aliness, amene ankasenda chinangwa pabwalo. "Mamita mazana awiri."

"Ndamva. Ndiye mupita liti kunyanjako?"

"Nkhani si kupitako ayi. Nkhani ndi yakuti itha."

Sikuti anayamba kukonda wotchi iliyonse. Ya mivi yokha ankati ndi ya abusa, ya manambala okha ankati ndi ya ana a sukulu. Mafoni atafala, anthu n'kuyamba kuonera nthawi pamenepo, iwo ankati foni nthawi imangobwereka, si yake. Ankafuna mtundu umodzi wokha: wotchi yakale, yamasewera, mivi pamwamba manambala pansi, yomwe ankaitcha ya maso awiri. Ankafotokoza kuti wotchi yotere singaname, chifukwa mivi ikafuna kunama manambala amaitsutsa. Zoona zake, pa mawotchi awo ambiri mivi inkanena zake manambala zake, ngati banja lomwe latsala pang'ono kupita kwa ankhoswe.

Ogulitsa kaunjika anawazindikira msanga. Belo likatsegulidwa ankayamba apisa kaye m'matumba, akapeza kanthu n'kuthamangira kukhonde kuja. Ena ochenjera ankagula mawotchi otchipa ku Limbe, kuwakhula ndi mchenga kuti aoneke akale, kuwabisa m'majekete, kenako n'kudzanong'ona kuti, "Madala, jekete iyi ikulemera mbali imodzi." A telala ankagula jekete yonse osaiyesa n'komwe. Motero nyumba yawo inadzaza majekete a kumayiko ozizira, kuno komwe mwezi wa Okutobala ngakhale buluzi amasaka mthunzi.

Anayendanso maulendo. Anafika ku Limbe, anafika ku Muloza, mpaka anaoloka kupita ku Milanje kwa abale a agogo awo, kukapepesa maliro omwe anthu anali atayamba kale kuwaiwala, chifukwa anamva kuti malemuyo anasiya wotchi yasiliva. Ina yachikasu, ya galasi lokandika, anaiona pamkono wa dalaivala wa lole yodzatenga nandolo. Dalaivalayo anati sagulitsa, pokhapokha atapeza njinga yoti akapatse mng'ono wake. Madzulo a tsiku limenelo a Mulelemba anafika kunyumba atakwera kabaza, njinga yawo ili pa ulendo wa ku Blantyre pamwamba pa matumba.

A Aliness sanakalipe. Ndi mayi wa mawu ochepa, wolima chimanga, nandolo ndi chinangwa pamunda wa makolo ake kumunsi kwa Michesi, komwe a Mulelemba ali pachikamwini. Anangoitembenuza wotchi yachikasuyo m'manja n'kunena kuti, "Ndiye mkazi mnzanga watsopanoyu ndi amene azipita ndi chimanga kuchigayo." Kuyambira pamenepo mawotchi onse ankawatcha akazi anzawo.

Poyamba akazi anzawowo ankagona m'chitini cha mabisiketi. Atachuluka, a Mulelemba anaona kuti si bwino wotchi izigona mothinana ngati matemba, ndiye anasoka mkono wa nsalu yofiirira, wautali ngati wa munthu, kuuika zigamba m'kati, n'kuupachika pamsomali pabalaza mawotchi ali ndandanda. Poti ndi mmisiri, anausokera ndi zala zomwe. Mayi wina wa Mvano amene anabwera kudzacheza, atauona mkonowo ukulendewera kuseri kwa chitseko, anatuluka osatsanzika, patapata imodzi n'kuisiya pomwepo. Mpingo unatuma akulu awiri kuti adzafunse bwinobwino. Anakhala masana onse akuphunzitsidwa ntchito ya batani lililonse, ndipo sanabwerenso, kaya chifukwa chokhutira kaya poopa kuti angaphunzitsidwenso.

Mawotchiwa anali ndi khalidwe lina. Ola likakwana, iliyonse inkalira kuti ti-ti. Koma poti panalibe awiri ogwirizana kuti ola lakwana liti, kulirako kunkayambira apa kukathera uko, nyumba n'kumamveka ngati dengu la anapiye. Ena anali ndi alamu yomwe eni ake akale anatchera kwawoko, ndipo a Mulelemba sankadziwa kuzimitsa kwake. Ikayamba kulira banja likudya, a Aliness ankati, "Bambo a Violet, alamu anu akulira. Kawafunseni, mwina kwawo kwagwa zovuta."

Mumtima mwa a Mulelemba munali chilakolako chimodzi chimene sankauza munthu. Mawotchi onsewa anapangidwira mipikisano, koma chifikireni m'manja mwawo palibe inali itayezapo liwiro la munthu. Anayesapo kuyeza ulaliki wa abusa, wotchi inalira pakati pa pemphero, akulu a mpingo n'kuwayang'ana ndi diso lofiira. Anayezapo nkhuku ikuthawa galu. Sizinawakwane.

Mwayi unabwera chaka cha chisankho. Kunatulukira a Lekani Mpwatika, wabizinesi wa ku Blantyre amene anakumbukira mwadzidzidzi kuti kwawo ndi kuno, ndipo ankafuna uphungu. Anthu ankangowatcha a Shado. Anzawo opikisana nawo ankaika zikho za mpira, iwo anati apanga zachilendo: mpikisano wa anyamata a kabaza, kupalasa kuchoka pa Migowi, kukwera msewu wolowera ku Fort Lister, kukatembenukira pa mlatho wina n'kubwerera. Wopambana adzalandira njinga yatsopano. Poti msewuwo ndi wopapatiza ndipo analembetsa ndi ambiri, komiti inagamula kuti anyamuke magulu awiri, lina patsogolo lina pambuyo, wopambana adziwike ndi nthawi imene watenga. Atagamula choncho anayang'anana. Panafunika munthu wosunga nthawi.

A Mulelemba sanadikire kuitanidwa. Anatulukira pamsonkhano wa komitiyo atakulunga mkono wa nsalu uja m'chitenje, n'kuuyala patebulo.

"Koma madala, inuyo ndi nthawi..." anayamba wapampando wa akabaza, amene thalauza lake linali lili kukhonde kuja chiyambire dzinja.

"Thalauza ndi thalauza, mpikisano ndi mpikisano," anamudula a Mulelemba. "Mukufuna muyezere pafoni? Mpikisano uli pakati, mlamu wanu waimba, mwayankha, nthawi yasokonekera. Awa salandira mafoni."

Komiti inaona kuti pamenepo pali nzeru, ndipo inawapatsa udindowo.

Sabata imeneyo makina sanapume. A Mulelemba ankadzisokera yunifolomu ya mizere yakuda ndi yoyera, ndi chipewa chake chomwe. Inatha tsiku la mpikisano lisanafike, chovala choyamba m'mbiri ya khondelo kutha nthawi isanakwane. Nsalu za kwaya ya achinyamata, zomwe zinkafunika Lamulungu lapitalo, zinali zikadali chipindire pansi pa tebulo.

Tsikulo linali Loweruka. A Mulelemba anafika mame asanaume, mawotchi atadzaza mikono yonse iwiri mpaka m'zigongono, wezulo ili pakhosi. Kunali ovina tchopa, kunali chimkuzamawu, kunali amayi ovala nsalu za nkhope ya a Shado. Anthu a ku Jenala anabwera pa lole kudzachemerera ana awo. A Shado okha ndi amene kunalibe. Anafika dzuwa litapendeka kale, njinga ya mphotho itaima kumbuyo kwa pikapu yawo, ikadali m'mapulasitiki, timaliboni tikuuluka.

Anatenga maikolofoni n'kulankhula. Analonjeza milatho, mijigo, msika wa nandolo wa mitengo yokoma, ndi njinga zamoto kwa akabaza onse akangolowa ku Nyumba ya Malamulo. A Mulelemba anali ataima pambali pawo penipeni, chifuwa chili patsogolo. A Shado atafika ponena kuti, "Ine Lekani Mpwatika sindinanamepo chibadwire," ola linakwana. Mawotchi anayamba, ti-ti apa, ti-ti apo, chimkuzamawu n'kumakuza zonse mpaka kuseri kwa msika. Anthu anafa nacho chiseko. A Shado anali munthu wodziwa kugwa n'kudzuka. Anadikira chiseko chizizire n'kunena kuti, "Mwamva nokha. Ngakhale mawotchi akuvomereza."

Kenako gulu loyamba linandanda. A Mulelemba analisankhira wotchi yakuda ija, yoyamba, ya m'jekete. Anaimba wezulo n'kudina batani, manambala n'kuyamba kuthamanga, anyamata n'kuzimirira m'fumbi. M'maso mwawo munalengeza misozi. Zaka zonsezi wotchi imeneyi inkadikira ntchito yake, lero yaipeza. Patapita kanthawi gulu lachiwiri linanyamuka, ndipo ilo analidinira yachikasu.

Tsopano kunatsala kudikira. A Shado anakhala mutenti akumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo posowa chochita anakodola a telala.

"Bambo, tabwerani kuno. Zimenezi mumazitenga kuti? Yakudayi imachita chiyani?"

Chibadwire, panalibe munthu wa galimoto amene anawafunsapo funso limeneli. Anthu ankawafunsa za thalauza basi. A Mulelemba anagwada bondo limodzi, kutambasula mkono, n'kuyamba kuyambira pachiyambi: za jekete, za mamita mazana awiri, za mivi ndi manambala zotsutsana.

"Ili ndi la nyale, bwana, mukadina imawala," anadina, inawaladi. "Ili ndi loimitsa," anadina. "Ndipo mukafuna kuyambiranso mpikisano wina, ili ndi lofufuta." Anadinanso.

Pakamwa panapitirizabe mawu awiri atatu, kenako maso anagwera pawotchi. Pakawindo kaja panali mazilo okhaokha. Nthawi ya gulu loyamba inali itapita, ndipo anaipha ndi chala chawo chomwe. Anakweza maso kuti aone ngati a Shado aona. A Shado anali atatembenukira kale kwina, akuseka ndi munthu wina.

A Mulelemba anatuluka mutentimo. Anayang'ana mivi ya wotchi iyi, ya iyo, kuti mwina akumbuke pomwe inali gulu loyamba likunyamuka. Iliyonse inkanena zake, ndipo nthawi yonyamukira ija maso awo anali pa manambala, ena anali pa misozi. Anasendera kwa mayi wina wogulitsa zitumbuwa m'mbali mwa msewu.

"Chemwali, kodi gulu loyamba lija linanyamuka nthawi yanji?"

"Mukufunsa ine, inuyo muli ndi sitolo yonse pamkono?"

Asanapeze nzeru, kumtunda kunamveka phokoso. Woyamba kutulukira anali Promise, mnyamata wamtali wa pa Migowi pomwepo, wa gulu loyamba, malaya ali m'chiuno. Anzake anamunyamula m'mwamba. Ena anatsatira mmodzimmodzi, ndipo pakati pawo panatulukira Happiness wa ku Jenala, wamfupi wa akatumba, amene anatsogolera gulu lachiwiri n'kupitirira ambiri a gulu loyamba. Nthawi ya Happiness inali pa wotchi yachikasu bwinobwino. Koma nthawi ya munthu mmodzi siuza kuti wapambana ndani.

Wapampando anawapatsa maikolofoni. A Mulelemba anaganiza zonena chilungamo, ndipo anatsala pang'ono kutero. Koma anaona khamu la pa Migowi uku, la ku Jenala uko, anadziyang'ana yunifolomu ya mizere ija, mtima n'kuwathawa.

"Malinga ndi mivi, komanso malinga ndi manambala," anatero, "anyamata awiriwa afanana."

"Afanana bwanji?" anakuwa wina.

"Ndendende."

"Tionetseni!"

A Mulelemba anakweza mikono yonse iwiri m'mwamba ngati munthu wogwidwa ndi apolisi. Anthu anaunjikana kuyang'ana, koma pa mawotchi onsewo panalibe amene anatolapo kanthu. A Migowi anayamba kunena kuti wawo anafika koyamba aliyense akuona. A Jenala anati wawo ananyamuka mochedwa aliyense akuonanso. Mawu anakwera, ena anayamba kuvula majekete.

Apa a Shado anawerengera msanga. Pa Migowi pali mavoti, ku Jenala kulinso mavoti. Analanda maikolofoni.

"Abale anga, pa mpikisano wa Mpwatika palibe wolephera. Ngati afanana, ndiye kuti njinga zikhala ziwiri!"

Nthungululu zinamveka, ng'oma za tchopa n'kuyambiranso. A Shado anapitiriza kuti, pofuna kupewa nsanje, njinga ziwirizo ziperekedwa tsiku limodzi, choncho iyi ibwerere kaye ku Blantyre ikatenge inzake. Promise anajambulidwa atagwira chiwongolero mbali iyi, Happiness mbali iyo, a Shado ali pakati akumwetulira. Kenako pikapu inanyamuka timaliboni tikuuluka. Njinga ija inapita kukatenga inzake, ndipo mpaka lero sizinapezane.

Chisankho chinachitika, a Shado anagwa, nambala yawo n'kusiya kupezeka. Mkwiyo wa anthu suyenda ulendo wautali, umagwera amene ali pafupi, ndipo amene anali pafupi ndi telala wa pakhonde. Mtsikana amene ankaperekera zakumwa mutenti muja anali ataona chala chikudina, ndipo anauza mnzake mmodzi yekha, amenenso anauza mnzake mmodzi yekha. Posakhalitsa Migowi yense anadziwa.

Akabaza sanawatukwane. Anangogwirizana kuti a Mulelemba asakwerenso njinga ya munthu. Akafika pasiteji madzulo, njinga zonse zinkapezeka kuti zaphwa, kapena eni ake akudikira kasitomala wina. Motero bambo wa mwendo wopendekera uja anayamba kuyenda wapansi m'mawa ndi madzulo, fumbi la njinga zomwezo likuwathira. Aliyense wodutsa ankaliza belu n'kufuula kuti, "Afanana!" Dzinalo linawamatirira. Bambo wina atayesa thalauza lake n'kupeza mwendo umodzi watalikirapo, anangofunsa mwaulemu kuti, "Kodi awanso afanana?"

A Mulelemba anavula mawotchi onse n'kuwabwezera pa mkono wa nsalu. Pakhonde sankachezanso, ankangoweramira makina. Zovala zinayamba kutuluka pa tsiku lolonjezedwa. Kwaya inalandira nsalu zake, wapampando analandira thalauza lake. Makasitomala anasangalala, koma a Aliness anachita mantha. Anakhala ndi bamboyu zaka zambiri, ndipo anadziwa kuti akayamba kusunga malonjezo ndiye kuti m'thupi simuli bwino. Kudya anali atachepetsa, ndipo alamu akalira sankadzukanso kukawaona.

Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi, a Aliness anatuma uthenga kusiteji. Masana Promise ndi Happiness anafika, anakhazikidwa pamkeka pansi pa mtengo wa mango, n'kupatsidwa thobwa. A Mulelemba anatuluka m'nyumba atamva mawu achilendo, ataona alendowo anafuna kubwerera.

"Khalani pansi, bambo a Violet," anatero a Aliness. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mkono wa nsalu uja, kuugoneka pakati pa mkeka. "Ana inu, njinga ife tilibe. Imene inalipo inapita ndi nandolo. Koma akazi anzanga awa alipo ambiri. Aliyense atengepo mmodzi, nkhani ithe."

"Mayi a Violet, izi si zinthu zogawa ngati makaka!"

"Nanga mukufuna mukalambire pamsewu? Nsapato zanu zatha ndi kuyenda."

A Mulelemba anayang'ana nsapato zawozo. Kenako, maso ali pansi, anati, "Ana anga, tsiku lija ndinadina batani lolakwika."

"Tikudziwa, madala," anatero Promise. "Dziko lonse likudziwa."

"Chimene sitikudziwa n'chakuti anapambana ndani," anatero Happiness.

"Chimenecho akudziwa ndi Mulungu yekha. Mwina ndi wotchi, koma inaiwala."

Anyamatawo anaseka, ndipo kuseka kwawo kunamasula zinthu. A Mulelemba ataona kuti kugawa sikulephereka, anafulumira kumasula mawotchi awiri a kumapeto, a ku Limbe aja okhulidwa ndi mchenga, akuwatamanda kuti ndi osowa kwambiri. A Aliness anawagwira dzanja.

"Asankhe okha."

Promise anatenga yachikasu. Happiness anazungulira ndi maso n'kuloza yasiliva ya malemu a ku Milanje. A Mulelemba anamasula malamba awiriwo pang'onopang'ono, ngati munthu wopereka mwana wamkazi kwa mkamwini wosamudziwa mtundu wake. Kenako anayamba malangizo: isagone padzuwa, isayandikire moto, batani ili musalidine popanda chifukwa, batire ikatha mubwere kwa ine, musapite kwa okonza mafoni. Thobwa linatha, lina linabwera, dzuwa n'kufika pa Michesi malangizo akadalipo.

M'mawa mwake pasiteji njinga zonse zinali ndi mpweya. Koma anyamata awiriwo anazindikira msanga kuti sanalandire mawotchi okha, alandiranso apongozi. A Mulelemba ankawaimitsa pamsewu ali ndi kasitomala kumbuyo, kuti aone ngati galasi lapukutidwa. Tsiku lina anapeza Promise akutsuka njinga pachithaphwi wotchi ili pamkono, anakuwa mpaka amayi apamjigo anatembenuka.

"Koma madala, si munati imalowa mamita mazana awiri?"

"Amanena madzi a m'nyanja, oyera! Osati matope ako awa!"

Chaka chotsatira akabaza anati mpikisano unali wokoma, chinaipa ndi andale. Anasonkherana okha n'kugula mbuzi yoti ikhale mphotho, mbuzi yooneka ndi maso, yomangidwa pomwepo. Anagwirizananso kuti onse anyamukire limodzi m'mawa msewu usanadzaze, ndipo woyamba kudutsa pa mtengo wa mkuyu wa pasiteji ndi amene wapambana. Za nthawi panalibenso amene anazitchula. Komabe anaona kuti kusiya a Mulelemba n'kulakwa, poti yunifolomu anali nayo kale. Wapampando anapita kukhonde n'kuwapempha kuti adzagwire chingwe cha mbuzi.

Anavomera. Anafika atavala mizere yawo, mawotchi atatu okha, n'kuima pansi pa mkuyu chingwe chili m'dzanja lamanzere. Anyamata atanyamuka, iwo anadina batani mwakachetechete, dzanjalo n'kulibisa kumbuyo kuti chala chingachite zake. Mbuzi inkakoka, inadya m'mphepete mwa yunifolomu, koma iwo sanasunthe. Anapambana si Promise kapena Happiness ayi, koma bambo wina wonyamula makala wa kumapiri, amene anazolowera kukwera zitunda ndi matumba atatu, ndipo tsikulo njinga yopanda katundu inkangomuuluka. Akudutsa pa mkuyu, a Mulelemba anadina. Manambala anaima, oona, osatsutsika.

Anapita nawo kwa wapampando. "Nthawi yake ndi iyi."

"Sungani, madala, tidzaifuna," anatero wapampandoyo, maso ali kwina.

Anapita kwa wopambanayo, koma iye anali kalikiliki kufunsa ngati mbuziyo ili ndi bere. Pamapeto pake amene anaionadi nthawiyo ndi Happiness, amene anafika wachisanu ndipo anawanyamula kupita nawo kunyumba osawalipiritsa. Anaiyang'ana n'kugwedeza mutu, kenako njira yonse anawafotokozera za tcheni chimene chinamuvuka pachitunda, kuti chipanda icho mbuziyo bwenzi ikupita ku Jenala. A Mulelemba anamuvomereza. Mtima wawo unali mbee.

Lero akusokabe pakhonde lomwelo. Dzina lachipongwe lija anasiya kulikana, mpaka analembetsa pa chikwangwani chawo kuti Afanana Telala, ndipo alendo amaganiza kuti likutanthauza kuti miyendo ya thalauza imatuluka yofanana. Maso ayamba kuchita chifunga, moti manambala a pakawindo amawaona pokhapokha atatalikitsa mkono. Violet, amene tsopano ali pabanja ku Zomba, anawauza kuti akayezetse maso adzawagulire magalasi. Iwo anati ngati ali nazo zogulira magalasi, kuli bwino awasakire kaye mabatire, poti pa mkono wa nsalu paja pali odwala anayi amene sanaphethire chiyambire Khirisimasi.